Nsima ya mgaiwa patebulo la bambo anga

## Pamzere wa kuchigayo

Bambo anga atawapeza ndi matenda a shuga, namwino wa m'chipinda cha uphungu anatifotokozera zambiri za mankhwala, za kusamala mapazi ndi za masiku obwera kudzayezetsa, koma mawu amene anandikhala m'mutu potuluka anali a nsima. Iye anati mitanda ichepe, ndiwo zichuluke, ndipo ufa woyera ulowedwe m'malo ndi mgaiwa ngati pakhomo pathu tingathe kutero. Bambo anangovomera ndi mutu, monga amachitira nthawi zonse munthu akamalankhula za ntchito imene anaiphunzira, ndipo m'minibasi pobwerera sananene kanthu pa nkhaniyo. Masiku amenewo iwo ndi amayi anali atabwera kudzakhala kwathu ku Lilongwe kuti ayandikire chipatala, choncho za kukhitchini zinali m'manja mwanga.

Loweruka lotsatira ndinapeta chimanga ndowa imodzi, n'kuchisankha bwinobwino, n'kupita nacho kuchigayo cha m'dera lathu. Mzere wa okonoletsa unali wautali mpaka panja, wa ogayitsa mphale nawonso unali wautali, moti munthu wogayitsa chimanga chosakonola ankaonekera pagulu. Mayi ena achikulire amene anali kumbuyo kwanga anasuzumira m'ndowa yanga n'kundifunsa mokoma mtima kuti, “Mayi, wonsewu ndi wa phala la ana, kapena muli ndi aganyu kumunda?” Nditawayankha kuti ndi wa nsima ya pakhomo, anangoti pepani.

Pakhomo pa chigayocho panali mnyamata wa njinga yomangirira matumba, amene ntchito yake inali kugula madeya kwa amayi okonoletsa. Podikira kuti magetsi ayake tinayamba kucheza, ndipo ndinamufunsa chifukwa chimene iye ndi anzake amalimbiranira zinthu zotsalira ngati zimenezo. Anatapa madeya dzanja limodzi, n'kuwafinya mwamphamvu, n'kutambasula chikhatho kuti ndione. Pakati pa timakoko toyera panali tizidutswa tofewa tachikasu, ndipo chikhatho chake chinatsala chikunyezimira pang'ono. “Mwaona amayi? Mafuta a chimanga ali umu. Nkhumba ikamadya izi imakula msanga, nkhuku nazo zimaikira bwino. Ufa umene akutenga amayiwa ndi wongokhutitsa.” Iye ankanena za ziweto zake basi, koma ine ndinatsala ndikuyang'ana amayi akulandira ndalama yochepa posinthanitsa ndi gawo lomwelo la chimanga limene namwino uja ankafuna kuti lilowe m'thupi mwa bambo anga.

## “Kodi ndasauka?”

Madzulo ake ndinaphika nsimayo mosamala, chifukwa mgaiwa umafuna kuti phala lake libwate nthawi yaitali munthu asanayambe kuthira ufa ndi kuvundula, apo ayi nsima imamveka yaiwisi. Ndiwo zinali nyemba ndi nkhwani wotendera. Bambo anasamba m'manja, anavundukula mbale, ndipo anayang'ana mitanda yoderayo kwa nthawi yaitali osaikhudza. Kenaka anavundikiranso mbaleyo pang'onopang'ono n'kupukuta manja.

“Mwana wanga,” anatero ndi mawu otsika, “ine ndagwira choko moyo wanga wonse kuti nsima iyi isadzalowe m'nyumba ya mwana wanga aliyense. Ndinaidya kusukulu yogonera ndi nyemba zofumbwa. M'chaka cha 2002 ndinaima pamzere kugula madeya kuti abale akumudzi asafe ndi njala. Lero iwe wandiikira patebulo. Kodi ndasauka, kapena ndili kundende?”

M'mawu awo munalibe mkwiyo. Munali chisoni cha munthu amene akuona ngati matenda amulanda ngakhale ulemu umene anaugwirira ntchito. Ana anga anasiya kutafuna, ndipo amayi ndiwo anapulumutsa usikuwo ponena kuti, “Abambo, idyani kaye ndiwozo, za nsima tikambirana mawa.” Bambo anadya nyemba ndi nkhwani ndi supuni, anamwa mankhwala awo, n'kukagona.

Ndakhala ndikuganizira madzulo amenewo nthawi zambiri, chifukwa anandionetsa kuti chimene chimatilepheretsa kudya chakudya chosakonzedwa mopitirira si umbuli. Bambo anga ndi munthu wowerenga, ndipo magulu asanu ndi limodzi a zakudya anawaphunzitsa okha m'kalasi. Vuto lake ndi manyazi amene tinamata pa zakudya zina ndi ulemu umene tinapereka kwa zina. Ufa woyera uli ndi ulemu wake pa zifukwa zomveka: ndi thukuta la mayi amene wakonola, wapeta, waviika mphale masiku angapo, waitsuka, waiyanika, wakagayitsa, n'kudzayanikanso ufawo pamphasa mpaka uyere mbee. Mlendo wolemekezeka, apongozi ndi mkamwini amaphikiridwa nsima imeneyi, ndipo mkazi amene nsima yake ndi yoyera amadziwika kuti ndi wakhama. Mgaiwa timaukumbukira kusukulu yogonera, kundende ndi m'chaka cha njala. Chimodzimodzinso bonongwe, chisoso ndi luni, zimene timazitcha ndiwo za munthu wosowa pogwira, pamene buledi woyera, soseji ndi botolo la chakumwa patebulo zimanena kuti pakhomo pano zinthu zikuyenda. Malangizo a kuchipatala akafika pakhomo amakumana ndi zimenezi, ndipo nthawi zambiri amagonja.

## Zimene timasiya kuchigayo

Njere ya chimanga ili ndi magawo atatu. Kunja kuli khoko, mkati muli ufa umene ndi gawo lalikulu kwambiri, ndipo pansi pake pali kamtima kamene kamamera njereyo ikadzalidwa. Kamtimako ndi kakang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a njere yonse, koma ndi mmene muli mafuta ambiri a chimanga, vitamini E, mavitamini a gulu la B ndi mchere wofunika m'thupi monga ayironi ndi maginiziyamu. Khoko ndilo lili ndi zinthu zosagayika m'mimba zimene a zaumoyo amazitcha faiba. Tikakonola timachotsa khoko ndi kamtima, ndipo tikaviika mphale n'kutaya madzi ake timatayanso mavitamini ena amene amasungunuka m'madzi. Chotsala ndi ufa wopatsa mphamvu zogwirira ntchito, koma wosauka pa zina zonsezo. Aliyense amene anakonoletsapo amadziwanso kuti ndowa imene inapita yodzaza imabwera yoperewera kwambiri, ndipo zimenezi zimachitika m'dziko limene chimanga sichikwana chaka chonse m'mabanja ambiri.

Chakudya chimene chachotsedwa khoko ndi kuperedwa mosalala chimagayika msanga, ndipo shuga wake amalowa m'magazi mwaliwiro. Kusiyana kwake kuli ngati moto wa udzu ndi moto wa chikuni: wa udzu umayaka mwamphamvu n'kuzima posachedwa, pamene wa chikuni umayaka pang'onopang'ono mpaka ndiwo zipse. Thupi limayenera kutulutsa insulini yambiri, madzi a m'thupi amene amatsitsa shuga, kuti lichotse shuga wochulukayo m'magazi, ndipo munthu amamvanso njala pasanapite nthawi. Chakudya chimene chili ndi faiba, makamaka nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi masamba, chimakhalitsa m'mimba, chimathetsa kudzimbidwa, ndipo chikafika m'matumbo akulu tizilombo tabwino timene timakhala mmenemo timachisandutsa zinthu zimene zimadyetsa ndi kuteteza khungu la m'kati mwa matumbowo.

Wina anganene kuti agogo athu ankadya ufa woyera womwewu, koma matenda a shuga sankamveka kawirikawiri. N'zoona, ndipo ufa woyera sunabwere ndi azungu. Koma tsiku la agogo silinali la nsima yokha. M'mawa ankadya mbatata, maungu kapena chinangwa chophika, kumunda ankamwa thobwa la mawere, pobwerera ankatola masuku, masau kapena nthudza malinga ndi nyengo, ndipo ndiwo zinali masamba otendera, nyemba, mfutso ndi usipa umene munthu amaudya ndi minga yomwe. Ankayenda mtunda wautali, ankalima, ankasinja pamtondo. Chimanga chenichenicho chinachokera ku America ndipo chinabwera kuno patsogolo, pamene makolo ankadalira mapira ndi mawere. Ife tasunga nsima yoyera, tasiya pafupifupi zonse zimene zinkaizungulira, tawonjezera shuga ndi mafuta okazingira, ndipo tikukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

## Zimene madokotala anaona kuno kwathu

Chimene chinandigwira mtima nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndi chakuti mfundo yakuti faiba imateteza thupi inalimbikitsidwa ndi zimene madokotala anaona mu Africa muno. Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha Mulago ku Kampala, amadziwika kwambiri chifukwa cha khansa ya ana imene imatchedwa ndi dzina lake, yomwe imapezekanso kuno ku Malawi. Iye ndi mnzake Hugh Trowell anaona kuti matenda amene anali ofala ku Britain, monga khansa ya m'matumbo akulu, kudzimbidwa kosatha ndi matenda a mtima, sankapezeka kawirikawiri pakati pa anthu akumudzi amene ankawathandiza ku Uganda. M'zaka za m'ma 1970 Burkitt anayenda m'mayiko ambiri kuuza anthu olemera kuti adye ngati mmene amadyera mlimi wa mu Africa, kutanthauza mbewu zosachotsa khoko, nyemba ndi masamba.

Mu 2015 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Stephen O'Keefe wa pa yunivesite ya Pittsburgh linayesa mfundoyi pa anthu enieni. Anatenga anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a m'midzi ya ku KwaZulu-Natal ku South Africa, n'kuwasinthanitsa zakudya kwa masabata awiri okha. A ku America anapatsidwa zakudya za chimanga, nyemba, masamba ndi zipatso zokhala ndi mafuta ochepa, pamene a ku KwaZulu-Natal anapatsidwa nyama yambiri, zokazinga ndi zina za m'malesitilanti a ku America. Atawayeza m'matumbo, zizindikiro zimene zimayendera limodzi ndi chiopsezo cha khansa zinali zitatsika mwa a ku America ndipo zinali zitakwera mwa a kumudzi aja. Pa nthawiyo khansa ya m'matumbo akulu inkagwira anthu pafupifupi 65 mwa anthu 100,000 alionse pakati pa anthu akuda a ku America, koma osakwana 5 pakati pa anthu akumidzi a ku South Africa.

Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wamkulu amene anasonkhanitsa zotsatira za zaka pafupifupi 40, ndipo anapeza kuti anthu amene amadya faiba yambiri chiopsezo chawo chomwalira msanga, chodwala mtima, sitiroko, shuga ndi khansa ya m'matumbo chimatsika ndi 15 mpaka 30 peresenti poyerekeza ndi amene amadya yochepa. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kudya faiba yosachepera magalamu 25 patsiku, komanso masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400. Zimandiwawa kuona kuti chakudya chimene anthu a kunja akuchifunafuna ndi kuchigula modula m'masitolo apadera, ife tikuchithawa chifukwa chimatikumbutsa umphawi.

## Zakudya za m'mapaketi

Nkhani ya bambo anga inayambira pa nsima, koma nditayang'ana m'kabati yanga ndinaona kuti ufa woyera ndi gawo laling'ono la vutoli. Carlos Monteiro, wofufuza wa pa yunivesite ya São Paulo ku Brazil, ndiye anayamba kugawa zakudya potengera mmene zakonzedwera, ndipo gulu limene iye anachenjeza kwambiri ndi la zinthu zopangidwa m'mafakitale pophatikiza ufa wosalala, shuga, mafuta, mchere, utoto ndi zonunkhiritsa, mpaka munthu sangadziwenso mbewu imene zinachokera. Mabisiketi, zakumwa zozizira, tinthu tofufuma ta m'mapaketi timene ana amakonda, soseji ndi poloni zonse zili m'gulu limeneli.

Mu 2019 Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 pamalo ofufuzira kwa mwezi wathunthu. Masabata awiri ankawapatsa zakudya za m'mafakitale, masabata awiri ena zakudya zosakonzedwa mopitirira, ndipo mbali zonse ziwiri anaziyeza kuti zifanane pa shuga, mafuta ndi mchere zimene zinali patebulo. Aliyense ankadya mmene wafunira. Pa masabata a zakudya za m'mafakitale anthuwo ankadya ma calorie (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku osazindikira, ndipo ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, pamene pa masabata enawo anatsika ndi muyezo womwewo. Zakudya zimenezi n'zofewa, zimamezeka msanga, ndipo mimba imachedwa kuuza munthu kuti wakhuta.

Shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, malinga ndi World Health Organization, asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni a tiyi 12, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala theka la pamenepo. Botolo limodzi la mamililita 500 la chakumwa chozizira nthawi zambiri limakhala ndi shuga wokwana muyezo wa tsiku lonsewo. Mchere usapitirire magalamu 5, osakwana supuni ya tiyi imodzi, koma umabisala mu buledi, mu soseji ndi mu timibulu tokometsera ndiwo. Mu 2015 nthambi ya bungwe lomweli yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa m'mafakitale m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti.

Zotsatira zake tikuziona kale. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku wina amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, yemwe anafalitsidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyezo, pamene kumudzi anali 27. Pamzere wa chipatala cha shuga kumene ndimaperekeza bambo ndimaona aphunzitsi, oyendetsa minibasi ndi amayi a geni, ena mwa iwo ocheperapo kwa ine.

## Mgaiwa wokha si mankhwala

Ndiyenera kunena izi momveka, chifukwa pali anthu amene akamva za ubwino wa zakudya zachilengedwe amataya mankhwala a kuchipatala. Nsima ya mgaiwa nayonso imakweza shuga m'magazi, ndipo munthu wodwala akadya mitanda ikuluikulu inayi phindu la khoko lija limamira. Bambo anga akumwabe mankhwala awo tsiku lililonse, ndipo chakudya chabwino chikungowathandiza mankhwalawo kugwira ntchito.

Chimanga chokha, chokonola kapena chosakonola, sichikwanira kusunga munthu. Bambo anandikumbutsa okha za abale athu a ku Mozambique amene anathawira kuno pa nthawi ya nkhondo, popeza iwo ankaphunzitsa kufupi ndi malire. Mu 1990 anthu othawa kwawo opitirira 18,000 anadwala pellagra, matenda amene amadetsa ndi kusenda khungu la m'khosi ndi la kumanja, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, pamene mtedza unasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Vitamini imene imateteza matendawa ilimo m'chimanga, koma ndi yomangika moti thupi limalephera kuitenga, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere. Kwa ife chitetezo chake ndi mtedza, nyemba ndi nsomba. Nsinjiro imene amayi amathira mu nkhwani si yokometsera chabe.

Palinso kukonza kwina kumene kumapulumutsa moyo, ndipo sikuyenera kunyozedwa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo kuchiviika masiku angapo musanapange ufa wa kondowole ndi nzeru imene anthu a m'mbali mwa nyanja sangaisiye. Mchere wothira ayodini umateteza chithokomiro ndi ubongo wa mwana. Kuwiritsa, kuyanika ndi kufutsa kumasunga chakudya osachiwononga. Ngakhale kukonola kumene kuli ndi mbali yake yabwino: chuku chimene chimamera pa chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo wambiri amakhala kunja kwa njere, moti kukonola ndi kuviika kumamuchepetsa. Izi zikutanthauza kuti wodya mgaiwa ayenera kusamala kwambiri kuposa wodya ufa woyera. Chimanga chikhale chouma bwino, njere zoola, zosintha mtundu ndi zofumbwa zichotsedwe, ndipo ngati chinathiridwa mankhwala a anankafumbwe chipetedwe, chitsukidwe ndi kuyanikidwa chisanapite kuchigayo. Mtedza nawonso umafuna kusankhidwa motero. Ufa wa mgaiwa sukhalitsa, chifukwa mafuta a m'kamtima aja amayamba kununkha ndi kuwawa, choncho ndi bwino kugayitsa wochepa kawirikawiri kusiyana ndi thumba lonse nthawi imodzi.

## Kope la aphunzitsi

Chimene chinawasintha bambo si mawu anga kapena manambala amene ndatchulawa. Mchimwene wanga anawatumizira kamakina koyezera shuga, ndipo iwo, pokhala mphunzitsi, anagula kope n'kujambula mizere ndi rula: tsiku, chimene adya, kuchuluka kwake, ndi nambala imene kamakina kasonyeza pakatha maola awiri. Amayi anagwirizana nawo poyera, popanda kuwabisira, kuti ufa uzisakanizidwa theka woyera theka mgaiwa, ndipo iwo anavomera pongofuna kuona chimene kope lidzanene.

Kopelo linanena zinthu zimene palibe aliyense wa ife akanawauza n'kumveka. Nambala yokwera kwambiri sinkabwera ndi nsima, koma ndi tiyi wa m'mawa wa shuga ndi buledi woyera, chakudya chimene iwo ankachiona ngati chopepuka. Mitanda ikuluikulu inkakweza nambala kaya ufa ndi wotani. Mtanda umodzi wapakatikati wokhala ndi nyemba zambiri ndi masamba odzaza theka la mbale unkapereka nambala yabwino, ndipo inkakhala yabwinoko akayenda pang'ono atatha kudya. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro popanda shuga linkawasunga mpaka masana osamva njala. Tsiku lina anandiitana n'kundionetsa tsamba la kopelo ndi chala, monga ankachitira ndi ana a sukulu, n'kunena kuti, “Taona apa, mwana wanga. Nyemba zikugwira ntchito kuposa mmene ndinkaganizira.”

Za mgaiwa anafika pozinena okha patapita nthawi. Anati umene ankadya kusukulu yogonera unali wa chimanga chofumbwa chosapeta, wogayidwa kalekale ndi wowawa, pamene uwu wa chimanga chawo chomwe, chosankhidwa ndi manja a mkazi wawo, ukununkhira ngati chimanga. Ndikuganiza kuti anthu ambiri amene amadana ndi mgaiwa amadana ndi mgaiwa woipa umene anaudya mokakamizidwa, ndipo sanalawepo wabwino. Atabwerera kumudzi, amayi anayamba kupatula zitsononkho zabwino kwambiri pokolola kuti zikhale za mgaiwa, anasiya kuthira soda m'masamba chifukwa amapha mavitamini, ndipo kuseri kwa nyumba anadzala mbatata yofiira mkati, ya mtundu wa Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A wambiri. Alendo akabwera amawaphikirabe nsima yoyera, ndipo ine sindinatsutsepo zimenezo. Chimene chinasintha ndi chakudya cha masiku onse, chomwe ndicho chimamanga kapena kugwetsa thupi.

## Chikwama cha kusukulu

Kwathu kuno kutauni nkhondo yovuta kwambiri ili m'chikwama cha ana. Sindikufuna kunamiza aliyense kuti kudya bwino m'tauni n'kophweka. Nyemba zimafuna makala ambiri ndi nthawi imene mayi wogwira ntchito alibe, zipatso zimadula nyengo yake ikadutsa, ndipo kapaketi ka tinthu totsekemera kamapezeka pa okala iliyonse pa mtengo umene mwana angakwanitse. Njira zochepetsera vutoli zilipo: nyemba zoviika usiku zimapsa msanga, zikhoza kuphikidwa zambiri n'kugawidwa masiku angapo, ndipo kugula zimene zili pa nyengo yake, mango m'dzinja, magwafa ndi mapeyala pambuyo pake, manachesi m'nyengo yozizira, malambe ndi masau m'chilimwe, kumatsitsa mtengo kwambiri.

Koma ngakhale chakudya chitapezeka, manyazi aja amabweranso mwa njira ina. Mwana wanga wamkazi anayamba kubwera kuchokera kusukulu ndi mbatata ndi mtedza wophika zili momwemo m'kontena, osazikhudza. Nditamufunsa anagwetsa nkhope n'kunena kuti anzake amamuseka kuti amadya za kumudzi, ndipo amalolera kukhala ndi njala mpaka poweruka kusiyana ndi kutsegula kontenayo pagulu. Mwana wa zaka zochepa, amene sanaonepo njala ya 2002 kapena sukulu yogonera, anali atalandira kale chiweruzo chomwe chija chimene agogo ake anachinyamula moyo wawo wonse.

Kumukalipira kapena kumuwerengera mavitamini sikukanathandiza, chifukwa vuto silinali mwa iye yekha. Ndinalankhula ndi amayi anzanga angapo amene ana awo ali m'kalasi imodzi ndi iye, ndipo ndinapeza kuti ena anali ndi makolo odwala shuga kapena BP ngati ine, ena anali atatopa ndi ndalama za tsiku ndi tsiku za mabisiketi ndi mafirizi. Tinagwirizana kuti masiku ena pa sabata tonse tizilongedza zofanana: mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, nthochi, chimanga chowiritsa pa nyengo yake, chigumu cha mgaiwa ndi nthochi, ndi botolo la madzi m'malo mwa zakumwa za utoto. Aphunzitsi a kalasiyo titawauza anayamba kudyera limodzi ndi anawo pa nthawi yopuma, iwonso atatenga mbatata yawo. Ana ambiri atatsegula makontena ofanana tsiku limodzi, woseka anasowa womuseka, ndipo teremu ino makolo a kalasi ina atifunsa kuti tiwauze mmene tinayambira.